Achemwali, dzino likasemedwa silimeranso

Kalata yanu yandikhudza kwambiri, achemwali, moti ndasiya zomwe ndimafuna kulemba sabata ino. Mwati ukwati wanu wayandikira, mano anu akutsogolo ali ndi mawanga ofiirira kuyambira muli mwana, ndipo mukufunsa ngati ma veneer a porcelain, tizipande toyera tonga mbale zadothi tomwe dokotala amamata pa mano, amawononga mano enieni otsala pansi pake.

Inenso mano anga ndi otero. Ndinakulira kwa agogo cha ku Liwonde, tikumwa madzi a pamjigo, ndipo ana ambiri m'mudzimo tinali ndi mawanga. Palibe ankaona chachilendo mpaka nditabwera ku Zomba kudzayamba sekondale. Anzanga a ku Matawale ndi ku Kalimbuka, okula ndi madzi a m'mipope ochokera ku Mulunguzi, ankandifunsa ngati kwathu kulibe mswachi. Ndinkatsuka mpaka nkhama kutuluka magazi. Makala osinja, phulusa, soda wothira ndimu, zonse zinapita m'kamwa muno, mawanga ali pomwepo. Sakanachoka, chifukwa si litsiro. Ndi fluoride, mchere wina wachilengedwe, wochuluka m'madzi a pansi pa nthaka. Akapitirira mamiligiramu 1.5 pa lita, womwe ndi mlingo wa World Health Organization, amasokoneza dzino likadali kupangika m'nkhama za mwana, ndipo mtunduwo umakhazikika m'dzino momwemo. Ndiye manyazi oseka mutagwira pakamwa ndimawadziwa bwino.

Msuweni wanga amene tinkatunga naye pamjigo womwewo anapita kukagwira ntchito ku Johannesburg, n'kubwera pa Khirisimasi mano ali mbee. Tonse tinasirira. Patapita zaka, tili pamaliro ku Chinamwali, akutafuna chimanga chokazinga, limodzi linaguluka n'kugwera m'dzanja. Chomwe ndinaona pansi pake sindidzachiiwala: kadzino kachikasu, kosongoka, kochepa kuposa ka mwana. Atamwa madzi a mumtsuko anagwira tsaya, misozi ili m'maso. Amene anamumata manowo anamuuza kuti ndi ma veneer, koma dzino losemedwa mbali zonse chotero limavekedwa crown, kachisoti kophimba dzino lonse, ndipo crown amadya gawo lalikulu la dzino. Sanamufotokozere kusiyanako, ndipo zimenezo zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Veneer weniweni ndi kachipande kopyapyala komatidwa kutsogolo kokha. Komabe kuti kakhale bwino, dokotala amapala pafupifupi theka la milimita la enamel, chikutiro cholimba cha kunja kwa dzino. Zikumveka zochepa, koma pa dzino lakutsogolo enamel ndi wopyapyala kale, makamaka pafupi ndi nkhama, ndipo thupi silipanganso wina. Pansi pake pali dentine, wokhala ndi timibowo tolunjika ku mtsempha wa dzino, n'chifukwa chake ena tiyi wotentha ndi madzi ozizira zimawalasa. Guluu womatira veneer amagwira mwamphamvu pa enamel kusiyana ndi pa dentine, ndiye akapala kwambiri veneer sachedwa kuguluka. Porcelain sawola, koma dzino lanu m'mphepete mwake, pomwe zakudya zimakanirira, limabowoka ndithu. Ndipo ma veneer amakhala zaka 10 mpaka 15. Ngati muli ndi zaka za m'ma 20, werengani nokha kuti mudzasinthitsa kangati, ndipo nthawi iliyonse kadzino kamachepako.

Zinthuzi anaziyambitsa ndi dokotala wa ku California, Charles Pincus, cha m'ma 1928, pofuna kukongoletsa ochita mafilimu. Ochita mafilimuwo ankazivala pojambula, akamaliza n'kuvula. Ife lero tikuona zithunzi pa Facebook ndi TikTok, n'kumafuna kusemetsa mano abwinobwino chifukwa cha tsiku limodzi la zithunzi za ukwati. Ine ndikukana. Mano olimba, osabowoka, ongokhala ndi mawanga, si odwala. Ena afika potsekera mpata wa pakati pa mano akutsogolo, womwe amayi athu ankatamandidwa nawo pachinkhoswe!

Ndiponso tiganize komwe tikukhala. Malawi anayamba kuphunzitsa yekha madokotala a mano a digiri mu 2019, ku College of Medicine ku Blantyre, komwe tsopano ndi gawo la Kamuzu University of Health Sciences. Madokotalawa akadali ochepa, ndipo omwe alipo m'zipatala za boma amatanganidwa ndi anthu omwe agona osagona ndi dzino, ndipo m'pomveka. Veneer akasweka Loweruka madzulo muli ku Sadzi, ndi ulendo ndi ndalama zomwe simunazikonzekere. Msuweni wanga uja anayenda milungu atatseka pakamwa ndi mpango.

Nanga mutani?

Kaonaneni ndi dokotala wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, mufunse kaye za njira zosadya dzino kwambiri: kupukuta mawanga a pamwamba komwe amati microabrasion, mankhwala oyeretsa mano, kapena kumata composite, phala la mtundu wa dzino lomwe limaumira pa dzinopo. Ngati mawanga ndi ozama ndipo mwasankha porcelain, funsani mosapsatira ngati ndi veneer kapena crown, komanso kuti apala mochuluka bwanji. Nkhama zotuluka magazi ndi kukukuta mano usiku zithandizidwe poyamba. Akakumatani, nzimbe muzidula ndi mpeni, ndipo botolo musadzatsegulenso ndi mano.