Achemwali, za makolo a ku York ndi mzukwa uja musalipire kaye

Achemwali, ndalamazo musatumize. Munthu amene wakulonjezani kuti pa masabata awiri akufukulirani makolo onse a amuna anu mpaka zaka za m'ma 1500, n'kukutsimikiziraninso kuti mzukwa wa m'bala ija ya mumzinda wa York ku England ndi gogo wa apongozi anu, ameneyo akufuna kukudyerani basi. Mtima wandiwawa nditawerenga zimene mwalemba pa gulu pano, chifukwa anthu amenewa amadziwa bwino kuti mayi wofuna kuuza ana ake kumene bambo awo anachokera saumira ndalama.

Zimene amachita n'zodziwika. Amatenga dzina la banja, amalowa pa intaneti pamene anthu amaikapo mindandanda ya makolo awo, amakopera wa munthu wina amene nayenso anakopera kwa mnzake, kenako n'kukusindikizirani pa pepala lonyezimira. Pamwamba amaikapo chishango cha mikango ndi malupanga, ati chizindikiro cha banja lanu. Ku England chishango chotero chimapatsidwa kwa munthu mmodzi ndi mbadwa zake, osati kwa aliyense wa dzina limenelo. Buku la ubatizo ngakhale limodzi sanalitsegule, koma ndalama alandira.

Ndipo York ndi mzinda wovuta kwambiri kuuchitira zachidule. M'kati mwa linga lozungulira mzindawo, loti mutha kulizungulira wapansi masana amodzi, munali maparishi oposa 20, iliyonse ndi mabuku akeake. Mayina a matchalitchi ndi obwerezabwereza. St Mary alipo wa ku Castlegate, wa Bishophill Senior ndi wa Bishophill Junior. Holy Trinity alipo wa ku Goodramgate, wa ku Micklegate ndi wa King's Court. All Saints ndi awiri, North Street ndi Pavement. St Michael nawonso awiri, le Belfrey ndi Spurriergate. Munthu akangokulemberani kuti "St Mary, York" sanakuuzeni kanthu. Ngakhale zoti "agogo anabatizidwira ku Minster" muzimve mosamala. York Minster ndi tchalitchi cha bishopu wamkulu, anthu wamba ankabatizidwira ku parishi kwawo, ndipo oyandikana ndi Minster ambiri ankapita ku St Michael le Belfrey, tchalitchi chimene chili pambali pakepo, komwe Guy Fawkes, amene ankafuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ya ku England, anabatizidwira mu 1570.

Tsono imvani pamene zimapwetekera. Mwapatsidwa William wobatizidwa cha m'ma 1790, dzina la banja ndi lomwelo, mzinda ndi womwewo. Mwamulandira. Pamwamba pake mwamangapo bambo ake, agogo ake, mibadwo isanu. Mwasindikiza, mwaika mu felemu, mwapachika pabalaza. Apongozi alira ndi chimwemwe, atumiza zithunzi kwa abale onse, mwana watenga pepalalo kukaonetsa kusukulu. Tsiku lina mwatsegula nokha buku la maliro la tchalitchi chomwecho, mwapita masamba awiri atatu, ndipo mwamupeza William yemwe uja ataikidwa m'manda ali ndi zaka ziwiri. Wansembe analemba bwinobwino dzina la mwana, dzina la bambo ndi msewu wawo. Mwana wa zaka ziwiri sangakhale kholo la munthu. William wanu weniweni anali wa St Mary winayo, mwana wa bambo wina, wa ntchito ina. Mibadwo isanu ija yonse ndi ya eni ake, inu simukhudzana nayo. Mumayang'ana felemu ija, mumaganiza mmene mukawauzire apongozi okalamba aja kuti anthu amene akhala akuwatchula kuti makolo awo ndi alendo. Mukamuimbira wokugulitsani uja foni sayankha, mukalemba uthenga amawerenga n'kukhala chete, mawa lake mwapeza wakutsekani. Choipitsitsa, mndandanda wabodza uja wauika kale pa intaneti, ena akukopera, ndipo pakatha chaka bodza lija lili m'mabanja makumi angapo. Anthu amenewa alibe chisoni m'pang'ono pomwe.

Pali msampha wina pomwepo. Makolo akale mwana akamwalira ankapatsa dzina lomwelo mwana wotsatira, ndiye banja limodzi limatha kukhala ndi a William awiri kapena atatu. Ubatizo uliwonse umene mwaupeza, tsegulaninso buku la maliro la parishi yomweyo zaka khumi zotsatira musanamulandire munthuyo.

Yambirani kwa munthu amene mukumudziwa, muzibwerera m'mbuyo m'badwo umodziumodzi, osadumpha. Kaundula wa 1939, amene analembedwa pa 29 September chaka chimenecho, amapereka adiresi, ntchito ndi tsiku lenileni lobadwa, kungoti mizere ya anthu amene angakhale akali moyo ndi yotsekedwa. Kalembera wa 1931 wa England anapsa ndi moto mu 1942, ndipo mu 1941 sanawerenge anthu chifukwa cha nkhondo, ndiye musataye nthawi kuwafunafuna. Wa 1921 anatsegulidwa mu 2022. Wa 1911 ndi wokoma kwambiri chifukwa amanena zaka zimene banja latha, ana amene anabadwa ndi amene anamwalira. Mukaona ana asanu ndi atatu obadwa koma amoyo asanu, dziwani kuti pali maliro atatu oti muwapeze. Kuchokera apo muzitsika zaka khumikhumi mpaka 1851, amene amatchula parishi imene munthu anabadwira ndi ubale wa anthu a m'nyumbamo. Wa 1841 ndi wosokoneza: ubale sanena, malo obadwira amangoti m'chigawo chomwechi kapena ayi, ndipo zaka za aliyense woposa 15 ankazitsitsa kufika pa zisanu zapafupi. Wa zaka 34 analembedwa 30. Ambiri amataya kholo lawo lenileni pamenepa poganiza kuti zaka sizikugwirizana.

Boma linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira pa 1 July 1837. Mayina muwafufuze ulere pa tsamba la pa intaneti la FreeBMD, kenako pa tsamba la General Register Office, chifukwa mndandanda wa kumeneko umaonetsa dzina la kwawo la mayi kuyambira 1837 pomwe. Pa za kubadwa ndi imfa gulani chithunzi cha pa intaneti, n'chotsika mtengo kuposa setifiketi ya pepala ndipo zolembedwa n'zomwezo. Mwana akasowa chisanafike chaka cha 1875 musadabwe, udindo wolembetsa unali usanaikidwe mwamphamvu pa makolo, ena sankalembetsa. Pitani ku ubatizo.

Kwathu munthu umafunsa mwini mbumba, mzere wa amayi n'kuoneka poyera. Kuno akazi ndi amene amasowa m'mabuku. Setifiketi ya ukwati yakale imatchula bambo a mkwati ndi bambo a mkwatibwi okha, amayi anayamba kulembedwa mu 2021. N'chifukwa chake dzina la kwawo la mayi likapezeka muzilisunga bwino, komanso mboni ziwiri za pa ukwati muziziyang'anitsitsa, nthawi zambiri amakhala mchemwali kapena mlamu.

Chisanafike chaka cha 1837 mumadalira mabuku a tchalitchi, ndipo apa York ili ndi mwayi umene mizinda yambiri ilibe. Wansembe wina wa mumzindamo, William Dade, anayamba kulemba ubatizo mwatsatanetsatane cha m'ma 1770, ndipo mu 1777 bishopu wamkulu William Markham analamula kuti dayosizi yonse izitero. Mzere umodzi wa ubatizo umatha kukupatsani tsiku lobadwa, kuti mwanayo ndi wachingati, ntchito ya bambo, dzina la mayi, agogo a mbali zonse ziwiri ndi kumene ankakhala. Mibadwo itatu pa mzere umodzi! Si ansembe onse anamvera, ena anatopa nazo msanga, ndipo mu 1813 kunabwera mafomu osindikiza a dziko lonse amene anachotsa zambirizo. Koma ngati kholo lanu linabatizidwa pakati pa 1777 ndi 1812, onani chithunzi cha tsamba lenilenilo. Zimene anthu anatayipa pa intaneti nthawi zambiri zimangotenga dzina ndi deti, za agogo zija n'kuzisiya.

Mabuku amenewa amasungidwa ku Borthwick Institute for Archives, pa University of York ku Heslington, ndipo ambiri anajambulidwa ali pa tsamba la pa intaneti la Findmypast. Funsani ku laibulale ya kwanuko, zambiri zimalola kulowa ulere pa Findmypast kapena Ancestry pa makompyuta awo. Ku Borthwick komweko kuli mawilo akale, makalata onena mmene chuma cha womwalira chigawidwire, popeza chisanafike chaka cha 1858 chuma cha masiye chinkaweruzidwa ndi makhoti a tchalitchi. Wilo imodzi imathetsa mkangano wa a William awiri chifukwa imatchula mkazi ndi ana mayina awo. Za mzinda weniweniwo, monga mabuku a amphawi a ku workhouse ya pa Huntington Road ndi kaundula wa amisiri amene anapatsidwa ufulu wochita malonda mumzinda, zili ku York Explore, laibulale yaikulu ya mzindawo.

Mukatsika kupyola 1752 samalani ndi kalendala. Chaka chinkayamba pa 25 March. Ukwati wa June 1740 ndi ubatizo wa February 1740 sizitanthauza kuti mwana anabadwa ukwati usanachitike, February ameneyo ndi wa 1741 mwa kuwerenga kwathu. Mabanja ena aikidwa manyazi a bodza chifukwa cha zimenezi. Mabuku akale ena ali m'Chilatini, Gulielmus ndi William, Jacobus ndi James. Zaka za nkhondo yapachiweniweni, pamene York inazingidwa mu 1644, mpaka cha m'ma 1660, masamba ambiri ali ndi mipata. Wokuuzani kuti wadutsa pamenepo bwinobwino pa masabata awiri, akuonetseni tsamba lililonse. Ndipo ngati banjalo linali la Katolika, makamaka ochokera ku Ireland amene anadzaza msewu wa Walmgate nthawi ya njala ya m'ma 1840, ubatizo wawo suli m'mabuku a Anglican. Koma ukwati wa pakati pa 1754 ndi 1837 mudzaupeza ku Anglican, chifukwa lamulo linkakakamiza onse kukwatira kumeneko kupatula ma Quaker ndi Ayuda.

Manda musayembekezere mwala. Manda a m'matchalitchi a m'kati mwa mzinda anatsekedwa m'ma 1850, ambiri anapita ku York Cemetery imene inatsegulidwa mu 1837, ndipo amphawi ankaikidwa m'dzenje limodzi anthu angapo osadziwana. Anthu ongodzipereka a kumandako ali ndi mndandanda, alembereni. Omwalira ndi kolera wa 1832 ali pa kamanda kaja ka pafupi ndi siteshoni ya sitima, kunja kwa linga.

Za mzukwa tsopano. Ku York mizukwa ndi malonda, madzulo aliwonse magulu a alendo amatsogoleredwa ndi anthu ovala zakuda, ndipo bala iliyonse yakale imafuna kukhala ndi wake. Nkhani yotchuka kwambiri ndi ya Harry Martindale, mnyamata wophunzira upulambala amene mu 1953 ankagwira ntchito m'chipinda cha pansi pa Treasurer's House, nyumba yakale ya pafupi ndi Minster. Ananena kuti anamva lipenga, kenako anaona asilikali a Chiroma ndi hatchi akutuluka m'khoma, akuoneka kuyambira m'mawondo kupita m'mwamba. Pansi pa chipindacho pamadutsa msewu wa Aroma, amene anamanga Eboracum, York wa lero, m'chaka cha 71. Mukhulupirire kapena ayi, nkhaniyi ili ndi munthu wodziwika, chaka ndi malo. Ya gogo wanuyo ili ndi chiyani? Ambiri amanamizidwanso kuti ndi mbadwa za Dick Turpin, wachifwamba wotchuka, chifukwa anapachikidwa ku Knavesmire ku York komweko mu 1739. Munthuyo kwawo kunali ku Essex, ku York anangobwera kudzaweruzidwa pa mlandu wakuba mahatchi, akudzitchula John Palmer.

Nkhani zambiri za "munthu anafera m'bala muno" zili ndi gwero losavuta. M'zaka za m'ma 1800 munthu akafa mwadzidzidzi, womira mu mtsinje wa Ouse kapena wogwa pa ntchito, mtembo ankaunyamulira ku bala yapafupi, ndipo kafukufuku wa imfayo ankachitikira momwemo. Ndiye tengani dzina la bala ija, muyang'ane amene ankagonamo usiku wa kalembera aliyense, kenako mufufuze dzina la gogoyo pamodzi ndi la balayo m'nyuzipepala zakale za York Herald ndi Yorkshire Gazette pa tsamba la British Newspaper Archive. Mabala ankasintha mayina, ndiye gwiritsaninso dzina la msewu. Setifiketi ya imfa idzakuuzani malo enieni amene anafera ndi chimene chinamupha.

Komabe nkhani ya apongoziyo musaitaye. Khalani nawo pansi sabata ino, foni ijambule mawu, anene mmene anaimvera ndi amene anawauza, osawadula pakamwa ngakhale pamene mukuona kuti akusokoneza. Nkhani zoterezi zimalakwitsa m'badwo ndi dzina, koma msewu ndi ntchito zimasunga. Ana apiteni nawo ku ulendo wa mizukwa umodzi madzulo, akaone misewu yakale ya Shambles ndi Bedern ndi maso awo, adzakonda mzinda wa bambo awo. Ndipo mukafika pa tsamba la Chilatini kapena wilo yoti simungathe kuwerenga, lipirani munthu, palibe cholakwika. Koma akhale wolipidwa pa ola, pa funso limodzi, ndipo akutumizireni chithunzi cha tsamba ndi nambala ya buku la ku Borthwick. Dzina la msewu ndi chaka chimene apongozi akukumbukira lembani pano tikuuzeni parishi yake, mayina a anthu amoyo okha musaike pa gulu.