Mwana watsika kuchoka pa nambala 6 kufika pa 19: kodi walephera?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, muno mu Harare ku Zimbabwe. Anabwera kuno kuchokera ku Ntcheu zaka zinayi zapitazo kutsatira amuna awo, ndipo ali ndi mnyamata wa Giredi 5. Mwachidule akuti teremu yoyamba mwanayo anali nambala 6 ndi avereji ya 68, koma teremu yachiwiri wabwera ndi nambala 19, avereji 64, m'kalasi ya ana 52. Bambo ake akwiya, amulanda mpira, ndipo akuti abwereze kalasi kapena ayambe maphunziro apadera olipira aja. Palinso china chikuwazunguza mutu mayiwa: chaka chatha anansi awo anachita phwando chifukwa mtsikana wawo anapeza 7 pa mayeso a Giredi 7. "Seveni yokha, anthu n'kuphera nkhuku?"

Mayi, zikomo polemba. Ndiyambe ndi za nkhukuzo poti n'zosavuta.

Kuno pulayimale imathera Giredi 7, osati Sitandade 8 ngati kumudzi, ndipo mayeso ake amakonza ndi a ZIMSEC monga momwe a MANEB amachitira ku Malawi. Zotsatira sizibwera ngati malikisi pa 100. Phunziro lililonse mwana amapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9, zomwe timazitcha mayunitsi, ndipo 1 ndiye pamwamba, 9 pansi penipeni. Kenako amaphatikiza zonse. Kale maphunziro anali anayi, choncho wakhoza koposa ankapeza 4, ndipo mukamva akuluakulu m'kombi akunyadira kuti "ine ndinali wa folo yunitsi" akunena za nthawi imeneyo. Kuyambira 2021 maphunziro ndi asanu ndi limodzi, ndiye palibe angatsike kuposa 6. Mtsikana wa anansi anuyo anapeza 1 m'maphunziro asanu ndi 2 m'phunziro limodzi. Nkhukuyo inafera zoona.

Tsopano za mnyamata wanu.

Ine ndagwira choko zaka zambiri m'sukulu za m'makomboni muno mu Harare, ndipo ndalemba malipoti osawerengeka. Ndikuuzeni mosabisa kuti pa zonse zolembedwa pa pepala lija, nambala ya m'kalasi ndiyo imanena zochepa kwambiri za mwana wanu. Imanena za ana a eni ake. Nambala 19 ikutanthauza kuti ana 18 anamuposa teremu imeneyo, basi. Siyikunena ngati akudziwa kugawa, kapena ngati angawerenge ndime n'kukufotokozerani zomwe wamva.

Taonani masamu ake. Watsika ndi malikisi anayi okha, koma wagwa malo 13. Zikutheka bwanji? M'kalasi ya ana 52, ochenjera kwambiri amakhala ochepa, ovutika kwambiri amakhalanso ochepa, ndipo khamu lonse limaunjikana pakati, ngati anthu pa Mbare Musika m'mawa wa Loweruka. Pakati pa 64 ndi 68 mukhoza kupezamo ana khumi ndi awiri, ena osiyana ndi theka la malikisi. Mwana akadwala chimfine tsiku la mayeso a masamu, kapena akalumpha funso limodzi lakuseri kwa pepala, anzake khumi amudutsa. Komanso mayeso a kumapeto kwa teremu salembedwa ndi ZIMSEC. Amakonza ndi aphunzitsi a pasukulupo, nthawi zina sukulu zingapo zoyandikana pamodzi, ndipo pepala la teremu ino likhoza kukhala lolimba kuposa la teremu yatha. Choncho 64 wa lero akhoza kukhala wolemera kuposa 68 wa dzana.

Ndikudziwa chifukwa chake nambala imatigwira mtima. Amene munaphunzira kumudzi mukukumbukira tsiku lotsekera sukulu, ana onse pansi pa mtengo, ahedi akuwerenga mayina kuyambira nambala wani, amayi akululutira, mpaka kufika kwa wotsekera khomo amene ankathawira kuchimanga. Tinakula nazo ndipo zili m'magazi. Bambo a mwanayu sakulakwa kudera nkhawa, kungoti akuyang'ana pamalo pomwe palibe yankho.

Yankho lili m'makope. Madzulo ano muuzeni atulutse kope la masamu ndi la Chingerezi, osati kuti mumukalipire, koma muone pamene cholembera chofiira chadutsa. Musawerenge kuchuluka kwa mitanda. Funani ngati mitandayo ikufanana.

Ndipereke chitsanzo chomwe sindiiwala. Mtsikana wina m'kalasi mwanga anapeza 1 pa 10 pa masamu ochotsera. Poona malikisi okha mukananena kuti mutu mulibe kanthu. Nditakhala naye pansi nthawi yopuma ndinamupatsa 402 kuchotsa 178. Analemba 376, mwachangu, mosakayika n'komwe. Yankho loona ndi 224. Ndinamuuza kuti achitenso mokweza mawu, ndipo ndinamva: "8 kuchotsa 2, 6. 7 kuchotsa 0, 7. 4 kuchotsa 1, 3." Mzere uliwonse ankangotenga nambala yaikulu kuchotsa yaing'ono, posayang'ana kuti ili pamwamba kapena pansi. Kubwereka sankakudziwa, chifukwa sabata yomwe anzake ankaphunzira zimenezo mu Giredi 3 iye anali ku maliro. Sanalakwe kasanu ndi kanayi ayi. Analakwa chinthu chimodzi, kasanu ndi kanayi. Tinatenga timitengo ta machesi tomanga m'mitolo ya khumikhumi, n'kumamasula mtolo umodzi akafuna kubwereka, ndipo Lachisanu lisanakwane vuto linali litatha. Lipoti silikanandiuza zimenezi. Likanangoti masamu 10 pa 100, ndi mawu aja timalemba tikatopa akuti alimbikire.

Chachiwiri choti muyang'ane ndi chilankhulo, ndipo apa pamatikhudza ife oyankhula Chichewa makamaka. Mwana wanu kunyumba amayankhula Chichewa, pamsewu ndi pabwalo la mpira Chishona, koma mafunso a mayeso amabwera m'Chingerezi. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, komabe m'sukulu za kuno ku Harare chilankhulo cha makolo chomwe mwana amakumana nacho pa mayeso ndi Chishona. Mnyamata amene anafika ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi kapena ziwiri akhoza kumacheza bwinobwino m'Chishona, koma miyambi ndi zining'a zomwe amafunsa m'makalasi apamwamba n'kumamupita, poti anzake amazimva kwa agogo awo pomwe iye kwa inu amamva zathu. Ngati malikisi anayi aja atayikira pa Chishona, mankhwala ake ndi mabuku a nthano ndi mnansi wachikulire wokonda kucheza ndi ana, osati kulanda mpira.

Pa masamu yesani chonchi. Tengani funso lamawu lomwe analakwa, mumufotokozere m'Chichewa ngati nkhani ya kumsika: tomato wakutiwakuti, ndalama zakutizakuti, chenji ndi zingati? Akayankha msanga, dziwani kuti masamu akuwadziwa, chomwe chamugwetsa ndi Chingerezi cha funsolo. Ana ambiri amakodwa pa timawu ngati "altogether", "difference" ndi "share", osadziwa kuti apa akufuna kuphatikiza, apa kuchotsera, apa kugawa. Giredi 5 ndi pamene mafunso amayamba kutalika, ndiye ana amene ankadalira kuloweza amayamba kuterereka.

Za kubwereza kalasi, ine ndikukana. Ku Malawi kubwereza n'kozolowereka, ena amabwereza Sitandade 8 dala kuti asankhidwire ku sekondale yabwino. Kuno ana amapitirira ndi anzawo chaka ndi chaka, ndipo kubweza mwana kumafuna kukambirana ndi ahedi pa chifukwa chomveka. Mwana wa avereji 64 alibe chifukwa chimenecho. Mukamubweza adzakhala chaka chonse akumva zomwe akuzidziwa kale, anzake a mpira ali patsogolo, ndipo manyazi akewo ndi amene angamudanitse ndi sukulu.

Maphunziro apadera olipira ndi nkhani ina. Unduna wa zamaphunziro wakhala ukuletsa aphunzitsi kulipiritsa makolo pa zimenezi, koma tonse tikudziwa kuti zikuchitika m'magalaja ndi pansi pa mitengo, ndipo sindiweruza mnzanga amene malipiro ake samufikitsa pa 15 mwezi. Langizo langa ndi lakuti musatulutse dola musanadziwe chomwe mukugula. Ngati wophunzitsayo ali ndi ana 30 m'chipinda chimodzi akukopera zapabolodi, mwagula kalasi yachiwiri yofanana ndi yoyamba. Ngati mwapeza kuti vuto ndi kugawa kwa nambala zazitali, n'kupeza munthu woti akhale naye pa chimenecho milungu itatu, apo ndalama yagwira ntchito. Nthawi zambiri mchemwali wa Fomu 3 wa nyumba yoyandikana amakwanitsa.

Mwina mwamvanso makolo akung'ung'udza za CALA, ndondomeko yopereka malikisi pa ntchito za m'kati mwa chaka. Kuyambira 2021 gawo la malikisi a Giredi 7, 30 pa 100 alionse, linkachokera ku ntchito zomwe mwana wachita m'kati mwa chaka, ndipo 70 ku mayeso omaliza. Ganizo lake silinali loipa, ndipo silinali latsopano: komiti yofufuza za maphunziro ya Nziramasanga inanena kale mu 1999 kuti mwana asamayesedwe ndi mayeso a tsiku limodzi okha. Koma zinathera poti makolo ndi amene ankalemba. Ine ndemwe, mphunzitsi wathunthu, ndinagonapo pakati pa usiku ndikumata makatoni a ntchito ya mdzukulu wanga, iye ali m'tulo. Ena ankakagula zopangapanga m'tauni. Mu 2024 boma linachotsa CALA n'kubweretsa mapulojekiti ochitikira kusukulu, pansi pa ndondomeko yatsopano ya Heritage-Based Curriculum. Mnyamata wanu akabwera ndi pulojekiti, mugulireni guluu ngati akufuna, koma manja anu akhale kumbuyo. Chopindika chomwe wapanga yekha chimauza mphunzitsi zoona, pamene chokongola chomwe mwapanga inu chimabisa pomwe pakufunika thandizo.

Kuti mtima ukhaleko pansi, dziwani izi. Pa Giredi 7 mwana amawerengedwa kuti wakhoza phunziro akapeza 6 kapena kuchepera apo. M'dziko lonse amene anakhoza anali 45.57 pa 100 alionse mu 2023, ndipo 49.01 mu 2024. Kutanthauza kuti oposa theka sanafike pa mzerewo. Mwana amene akupeza za m'ma 60 mu Giredi 5 sali m'gulu lodetsa nkhawa. Ndiponso mayesowa satsekera mwana khomo la Fomu 1. Chomwe mayunitsi amachita n'kusankha khomo lake: sukulu zogonera konko, zomwe malo ake amafunsira pa intaneti kudzera pa eMAP, ndi sukulu zina zotchuka za m'tauni, zimafuna mayunitsi ochepa. Ngati maso anu ali kumeneko, muli ndi zaka ziwiri, ndipo n'zokwanira.

Pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake, musadikire tsiku la makolo pomwe pamakhala mzere wautali ndipo aliyense amapatsidwa mphindi ziwiri. Safunsa anadya phula. Koma funso lake lisakhale lakuti "bwanji watsika?", chifukwa pamenepo mphunzitsi amayamba kudziteteza ndipo mudzangomva kuti amasewera kwambiri. Funsani kuti avereji ya kalasi yonse inali chiyani teremu yoyamba ndi yachiwiri. Ngati kalasi yonse inatsika, ndiye pepala linali lolimba. Pemphani kuona mapepala a mayeso omwe anachongedwa, ndipo funsani kuti ndi mutu uti umene mwanayu sanaumvetse. Mufunsenso kumene amakhala m'kalasi. Ndaonapo ana angapo amene "anatsika" atangowasamutsira kumbuyo, kenako n'kupezeka kuti bolodi saliona bwino. Ngati sukulu yake ndi ya kusinthana, ena m'mawa ena masana, funsani ngati teremu imeneyi anali wamasana, poti mwana wolowa m'kalasi dzuwa lili pamutu atasewera m'mawa wonse sakhala yemweyo.

Bambo akewo muwaonetse kope, osati lipoti. Akhale pansi ndi mwana wawo, amupatse 402 kuchotsa 178, amve mmene akuwerengera mokweza. Mpirawo amubwezere Loweruka lisanafike, ndipo mukakaonana ndi aphunzitsi mundilemberenso zomwe akuuzani.