Funsani Malume: "Akuti achimwene anga ali ku moto, zoona?"

FUNSO

Malume, ndine mayi wa zaka 34, Msilamu, ndimakhala kufupi ndi Chitakale kuno ku Mulanje. Mwezi wathawu tinaika achimwene anga amene ndinapondana nawo, anadzipha okha. Anali ndi ngongole ya katapila komanso ina ya banki mkhonde yomwe anatengera pa dzina la alamu anga, ife zonsezi tinazidziwa atapita kale. Pamaliro panali kukokanakokana, ena amati asaswalidwe, mpaka a shehe athu anaima pambali nkuuza mkulu wina wa pamzikiti kuti atsogolere swala ya janaza, ndiye mpaka lero anthu akungonong'ona kuti mwaonatu olo a shehe anamukana, ameneuja ndi wa ku moto basi. Amayi sakudya. Ndiye kunabweranso abwana awo akale, poti ankagwira ntchito mu shopu ya hadiweya ku Limbe kwa mmwenye wovala nduwira, wa chipembedzo cha chi Sikh, anabweretsa thumba la mpunga kudzapepesa nkundiuza kuti mzimu sufa, uli pa ulendo ndipo udzabweranso malinga ndi karma yake. Ine mutu wangozungulira. Achimwene anga ali kuti Malume? Ndiwapangire duwa kapena ndikungotaya nthawi?

Mlongo wosweka mtima, Chitakale

YANKHO

Pepani mwana wanga, pepani kwambiri, ndipo muwapepesenso amayi. Ndiyambe ndi funso lanu lomalizalo kuti musachedwe nalo: pangani duwa, lero lomwe, ndipo musasiye.

Tsopano za a shehe anuwo. Anthu onong'onawo angomva theka la nkhani nkuthamanga nalo. Zimene anachita a shehewo sanazipeke, zili mu hadisi, nkhani ya zonena ndi zochita za Mtumiki, ya m'buku la Sahih Muslim yomwe anaifotokoza Jabir ibn Samura, kuti kwa Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iwo, kunabwera mtembo wa munthu wodzipha ndipo iwo sanauswalire. Koma sanaletse ena ayi. Imam Nawawi, shehe wamkulu wa chi Shafi'i amene anamwalira mu 1277, ndipo chi Shafi'i ndiyo njira ya chiphunzitso imene Asilamu ambiri kuno kwathu amatsata, anafotokoza kuti Mtumiki anachita dala kuti amoyo aope, pomwe maswahaba, otsatira a Mtumiki a nthawi imeneyo, anamuswalira munthuyo. Alipo akale ochepa amene ankati asaswalidwe, monga Umar ibn Abdul Aziz ndi Awza'i, koma unyinji wa ma ulama, akuluakulu ophunzira Chisilamu, monga a Malik, a Abu Hanifa, a Shafi'i, onse amati wodzipha asambitsidwe, avekedwe sanda, aswalidwe, aikidwe kumanda a Asilamu anzake. Nanga kafiri amaswalidwa? Ayi. Ndiye kungoti achimwene anu anaimiridwa janaza olo wotsogolera anali mkulu wina, mzikiti unavomereza kuti anafa ali Msilamu.

Sindikunamizani kuti nkhaniyi ndi yopepuka. Chisilamu chimati kudzipha ndi tchimo lalikulu, limodzi mwa akuluakulu. Qur'an mu Surat An-Nisa, 4:29, imanena mosabisa kuti musadziphe nokha, ndipo m'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli hadisi zoopsa ndithu zonena za chilango cha ku Jahannama kwa wochita zimenezi. Maganizo ake ndi akuti moyo si wathu, tinangosungitsidwa, mwini wake ndi amene amadziwa tsiku lokautenga. Olo kungolakalaka imfa chifukwa cha mavuto Mtumiki analetsa, anati ngati zafika povuta munthu apemphe kuti Allah ndisiyeni ndi moyo ngati moyo uli wabwino kwa ine, nditengeni ngati imfa ndiyo yabwino kwa ine.

Koma taonani mmene ndime ya 4:29 ija imathera, imati pakuti Allah ndi wachifundo kwa inu. Ndipo mu sura yomweyo, 4:48, akuti chimene Allah sakhululuka ndi kumuphatikiza ndi milungu ina, shirk, koma zina zonse zochepera apo amakhululukira amene wamufuna. Kudzipha si shirk. Ndiye chiphunzitso cha Asunni ndi chakuti munthu wotere ali pansi pa chifuniro cha Allah, akafuna amulanga, akafuna amukhululukira, ndipo palibe munthu wa mano m'kamwa amene anapatsidwa mphamvu yonena kuti uje ali ku moto.

Pali nkhani ina mu Sahih Muslim momwemo yomwe ine ndimadabwa kuti bwanji simamveka pamaliro otere. Tufail ibn Amr wa fuko la Daws anasamukira ku Madina pamodzi ndi mnzake, mnzakeyo anadwala kwambiri, kupirira kunamuthera, anadzivulaza m'manja mpaka kufa. Patapita nthawi Tufail anamulota akuoneka bwinobwino koma manja ataphimba. Atamufunsa anati Mbuye wanga wandikhululukira chifukwa cha kusamuka kwanga kutsata Mtumiki, koma za manjawa ndauzidwa kuti sitikukonzera chimene waononga wekha. Tufail atakafotokoza, Mtumiki sanati ameneyo msiyeni, anapempha kuti Allah, manja akenso akhululukireni. Ndiye ngati Mtumiki anamupangira duwa munthu wotere, inu akuletseni ndani, aneba?

Chinanso, pali hadisi yodziwika ya kuti cholembera chinachotsedwa kwa anthu atatu, wogona mpaka adzuke, mwana mpaka akule, ndi wosokonezeka mutu mpaka achire. Ine ndinaonapo munthu amene matenda a maganizo anamugwira, bambo wolimba amene ankathyola tiyi makilo ochuluka kuposa anzake onse pa esiteti, anafika pomangokhala pakhonde tsiku lonse kuyang'ana phiri, nsima ikuzizira pambali pake, mwana wake akamukoka malaya osatembenuka nkomwe. Munthu wotere mutu wake unali pati pa ola lomaliza? Inu simukudziwa, a shehe sakudziwa, onong'onawo ndiye kaya. Wodziwa ndi mmodzi.

Tibwere kwa abwana a nduwirawo. Choyamba athokozeni, munthu kuchoka ku Limbe ndi thumba la mpunga kudzakhala pansi pa siwa ya wantchito wakale si onse amatero. Zimene ananenazo ndi chikhulupiriro chawo chenicheni, sankakusekani. Asikh amatsata Guru Nanak, wobadwa mu 1469 ku Punjab, dera lomwe pano lili ku Pakistan. Amakhulupirira Mulungu mmodzi, amamutchula Waheguru, koma pa za imfa ndi pomwe amasiyana ndi inu. Chisilamu chimati moyo wa padziko ndi umodzi, ukafa umadikira ku barzakh, malo odikirira akufa, m'manda akufunsa angelo Munkar ndi Nakir, kenako Qiyama, tsiku lachiweruzo, sikelo yoyezera ntchito zako, Jannah kapena Jahannama, kubwerera kuno kulibe. Asikh amati mzimu umabadwa nkubadwanso, umadutsa m'zamoyo za mitundu 8.4 miliyoni, ndipo kubadwa ngati munthu ndi mwayi wosowa kwambiri. Guru Arjan, wachisanu pa ma Guru awo 10, analemba kuti thupi la umunthuli walipeza, imeneyi ndiye nthawi yako yokumana ndi Mulungu. Ndiye kwa iwo kudzipha nkolakwika kwambirinso, ndi kutaya mwayi umene unaudikira nthawi yaitali, komanso ndi kukana hukam, kutanthauza chifuniro cha Mulungu. Ndipo amati sikuthawitsa mavuto chifukwa zimene sunamalize umapita nazo kutsogolo.

Koma nawonso sathera pamenepo. Mu Japji, pemphero lawo la m'mawa, Guru Nanak akuti chovala, kutanthauza thupi, timachipeza ndi ntchito zathu, koma khomo la chipulumutso limatseguka ndi chisomo, iwo amati nadar. Ndiye karma, kukolola zimene unadzala, kwa Msikh si makina owerengera ngongole ngati buku la wakatapila, pamwamba pake pali Mulungu amene angathe kufufuta. Pamaliro awo amaotcha mtembo, amaimba Kirtan Sohila, amapemphera Ardas, kenako amawerenga buku lawo lonse la Guru Granth Sahib la masamba 1430 kwa masiku pafupifupi 10, ndipo malamulo awo a Rehat Maryada alibe mwambo wina wapadera wonyazitsa wodzipha.

Inu ndinu Msilamu, za kubadwanso si zanu, musavutike nazo kuzilumikiza ndi zimene munaphunzira ku madrasa chifukwa sizilumikizana. Koma ndaona kuti ndikuuzeni kuti zipembedzo ziwiri zosiyana chonchi, chilichonse chikuletsa mwamphamvu, ndipo palibe chomwe chikupereka chigamulo m'manja mwa anthu a pamudzi.

Zoti muchite zilipo. Duwa ndi istighfar, kuwapemphera chikhululuko. Sadaka m'dzina lawo, olo yaing'ono, kaya ndi ndowa ya madzi pamzikiti kaya mkeka. Za sadaka ya masiku 40 mukudziwa kuti kuno a Qadiriya ndi a sukuti amasiyana, tsatani za mzikiti wanu, ine m'menemo sindilowamo. Ndiyeno ngongole. Chisilamu chimati ngongole ya womwalira ibwezedwe kuchokera pa zimene wasiya anthu asanagawane, koma mvetsani, Qur'an 2:279 imati wobwereketsa chake ndi ndalama imene anapereka, zoonjezera za katapila zija ndi riba, chiongoladzanja choletsedwa. Khalani pansi ndi ankhoswe ndi a mfumu, zilembedwe, ndipo alamu anuwo musawasiye okha ndi azimayi a banki mkhonde. Qur'an imabwereza kangapo kuti palibe wosenza mtolo wa mnzake, ndiye asapezeke wina woloza chala alamu kapena amayi kuti ndinu munachititsa. Komaliza, pitani kwa a shehewo muwapemphe abwere kunyumba adzawafotokozere amayi pakamwa pawo chifukwa chomwe anaimira pambali. Amayi akamva kwa iwo adzadya, akamva kwa Malume a m'magazini sadya.

FUNSO

Malume ine ndimangomva pa Facebook kuti karma imupeza, karma ndi yeniyeni. Kodi si chimodzimodzi ndi choipa chitsata mwini? Komanso amwenye a nduwira aja si Asilamu?

Mnyamata wa kabaza, Limbuli

YANKHO

Si Asilamu mphwanga, ndiponso si Ahindu, ndi Asikh, chipembedzo chachokha. Ndevu ndi nduwira zisakupusitse, iwo sadula tsitsi chifukwa cha lamulo la Khalsa, gulu la Asikh odzipereka lomwe Guru Gobind Singh anakhazikitsa mu 1699. Chosangalatsa nchakuti mnzake wapamtima wa Guru Nanak, woimba uja Bhai Mardana, anali Msilamu, ndipo mu Guru Granth Sahib muli ndakatulo za Sheikh Farid yemwenso anali Msilamu. Kuno kwathu si alendo a dzana, asilikali a chi Sikh anabwera mu 1891 nthawi ya Harry Johnston, ndipo ena anakhala pa Fort Lister, linga lomwe linamangidwa mu 1893 pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi.

Za karma ya pa Facebook, imeneyo ndi kungofunira mnzako zoipa mwaulemu. Mwambi wathu uja umanena za moyo uno womwe, waba mbuzi agwidwa ndi mbuzi. Karma ya Asikh imadutsa imfa, Guru Nanak anati chimene wadzala wekha udzadya wekha, ndipo amanena za iwe mwini, osati za ex wako.

FUNSO

Malume, mnzanga amene timagulitsa naye pa msika wa Luchenza akumanena kuti watopa ndi moyo, mabeti amudyera mpamba wonse ndipo mkazi wapita kwawo. Ine ndinamuopseza kuti ukadzipha ukapsa ku moto. Ndinalakwa?

Wodandaula, Luchenza

YANKHO

Cholinga chinali chabwino achimwene, koma moto wokha sumugwira munthu amene akuona ngati akupsa kale. Ena mantha amawabweza, zoona, koma ena amangotseka pakamwa nkusiya kukuuzani, ndipo pamenepo ndi poopsa. Apolisi akamapereka malipoti a anthu odzipha kuno ku Malawi ambiri amakhala amuna, nkhani zake ngongole ndi mabanja, ndendende ngati mnzanuyo, ndiye musazitenge ngati akungolankhula.

Mufunseni mwachindunji, kodi ukuganiza zodzipha? Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, kumamupatsa mpata woti alankhule. Akati eee musamusiye yekha usiku umenewo, uzani m'bale wake mmodzi wodalirika, chilichonse choopsa chimene chili m'nyumba mwake chichotsedwe. Ngati ndi Msilamu muwerengereni 39:53 ya Surat Az-Zumar, yoti inu akapolo anga amene mwadzilakwira nokha musataye mtima ndi chifundo cha Allah, imeneyo ndi yomwe akufunika kumva panopa. Asikh mbali imeneyi ali ndi mawu akuti chardi kala, kukhala ndi mtima wokwera olo zitavuta, koma samayembekezera kuti munthu aupeza yekha, nchifukwa chake amalimbikira sangat, kukhala pagulu, ndi langar, kudyera pamodzi pansi.

Ndiyeno chipatala. Matenda a maganizo ali ndi thandizo ngati malungo, pa zipatala za boma za Thyolo ndi Mulanje pali ogwira ntchito amene anaphunzira zimenezi, zikakula amatumiza ku Queens ku Blantyre kapena ku Zomba Mental, ndipo kupita kumeneko sikuti wapenga. Musangomuuza kuti upite, sapita. Tsekani benchi yanu mawa m'mawa, mulipireni minibasi, mukhale naye pamzere mpaka alowe.