Mwini nyumba atuluke, ine zinandionekera

Achemwali, mwafunsa ngati mulole mwini nyumba imene mukufuna kugula kuti akhalepo pamene inspekitala, munthu woyendera nyumba kuti aone ngati ili ndi mavuto, akugwira ntchito yake. Ayi, musalole. Tsiku lobwera woyendera nyumbayo, mwini wake asiye makiyi onse, atuluke. Ndangowerenga funso lanuli mtima wayambanso kuwawa, chifukwa ifenso ejenti anatiuza kuti bambo ogulitsawo akufuna kukhalapo kuti athandize.

Kuthandiza kwake kuti? Anangomukakamira inspekitala ngati nkhupakupa, chipinda chilichonse ali pambuyo pake. Mnyamatayo akaloza mng'alu, yankho lafika kale: "Ndi pulasitala chabe ameneyo." Akagunditsa pakhoma kachipangizo koyezera chinyontho, bambowo ayambitsa nkhani ya mmene anavutikira pomanga. Ine mafunso ndinali nawo ambiri, koma ungafunse bwanji kuti khomali lavunda kapena ayi, munthu wamkulu akukuyang'ana m'maso? Umangomeza malovu. Chonsecho ndalama yolipira inspekitalayo inatuluka m'thumba mwanga.

Kachitseko kokwerera kudenga kanali m'chipinda china, ndipo pansi pake penipeni panali wadiropu yaikulu yodzaza katundu. Dziwani kuti oyendera nyumba sasuntha katundu wa eni ndipo sagumula khoma, amangoona pamene maso afika. Akalephera kulowa penapake amalemba mu lipoti kuti malowo sanaonedwe, basi. Mnyamatayo anapempha kuti wadiropuyo isunthidwe. Bambowo akuti msana ukuwawa, komanso kumwambako kulibe choona, malata anasintha posachedwapa. Siling'i ili mbee, penti akununkhabe.

Titagula nyumbayo n'kulowamo, mvula yamphamvu yoyamba inagwa usiku. Ndinamva chiphokoso kuchipinda kwa mwana wanga, n'kuthamanga mumdima chifukwa magetsi anali atazima okha, madzi atalowa m'mawaya. Nditayatsa tochi ya foni ndinaona siling'i itagwera pabedi, madzi akuda akuchucha, zidutswa za matabwa zili mbwee pabulangete, mwana atadzipanikiza pakona, kukamwa kuli yasa koma mawu osatuluka. Ndinamunyamula akunjenjemera, tsitsi lonse dothi lokhalokha. Dothi limenelo linali la chiswe. Kutacha mmisiri anakwera, anatsitsa thabwa limodzi n'kulifinya ndi dzanja, linangofumbutuka. Chiswe chimadya thabwa m'kati n'kusiya kunja kukuoneka bwinobwino, ndipo chimakonda malo a chinyontho, ndiye denga lodontha kwa zaka chinapezapo mudzi. Kumwamba komweko mmisiriyo anapeza mabeseni atatcherezedwa pamalo odontha. Mabeseni, anthuni! Ndiye kuti munthu ameneyu ankadziwa. Anakwera yekha, anatchereza mabeseni, anatsika, anapaka penti, n'kukankhira wadiropu pakachitseko, kenako n'kumandisekerera ine pondipatsa moni. Akanakhala kuti mwanayo anagona chakumutu kwa bedi kumene kunagwera thabwa lalikulu, bwenzi lero ndikulemba zina.

Nditawaimbira bambo ogulitsa aja anati nyumba munaiona nokha, inspekitala munabwera naye nokha. Ejenti uja atalandira komishoni yake foni anasiya kuyankha. Loya anandilozera mzere uja wa mu lipoti wakuti kudenga sikunaonedwe, n'kundichenjeza kuti nkhaniyi itenga nthawi.

Ndiye inu muuzeni ejenti kuti nyumba ikhale yopanda mwini kwa maola atatu kapena anayi, ntchito yabwino imatenga nthawi yotero. Inuyo mukhalepo, muziyenda ndi inspekitala. Madzi ndi magetsi zikhale zotsegula, ndipo pa bokosi la magetsi, pa giza ndi pakachitseko ka kudenga pasakhale chotchinga. Tsegulani mipope yonse nthawi imodzi, gejemulani chimbudzi, muone ngati madzi akuchepa mphamvu kapena akubwerera. Penti watsopano pakhoma limodzi lokha kapena pasiling'i pokha, funsani chifukwa chake. Mng'alu wopendekera wotsata mizere ya njerwa, wokula kuposa mamilimita 5, nthawi zambiri umaloza ku maziko, umenewo akauone injiniya.

Komabe mwini nyumbayo asapite kutali. Pali zina amadziwa yekha, monga modutsa mapaipi pansi, pamene pali septic tank, ndi chaka chimene mawaya anaikidwa. Abwere kumapeto, mumufunse pamaso pa inspekitala ngati denga linadonthapo, ngati chiswe chinalowapo, ayankhe polemba n'kusayina. Ndiponso ndinene chilungamo, bambo aja akanachoka tsiku lija, bodza lawo la malata atsopano sakanalinena pamaso pa anthu atatu, ndipo bodza lomwelo ndi limene loya wanga wagwira panopa. Mwina muwasiye alankhule, inu muzingolemba. Koma lipoti likanena kuti penapake sipanaonedwe, musasayine pepala lililonse mpaka inspekitala abwerenso, wadiropu isunthidwe, akwere ndi tochi.