Funsani Azakhali: Kodi Google idzandilipira ndikamalemba m'Chinyanja?

FUNSO: Azakhali, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chawama ndipo ndimagulitsa tomato ndi anyezi. M'mawa uliwonse ndikapita kukaoda ku msika wa Soweto ndimalemba pa Facebook mitengo ya tsikulo: bokosi la tomato, thumba la anyezi, kabichi, meda ya kapenta wa ku Siavonga ndi wa ku Mpulungu. Ndimalemba m'Chinyanja chathu chomwechi. Ndinayamba mongocheza, koma tsopano onditsatira achuluka, ena mpaka amandiimbira ndikachedwa. Mwana wa mlongo wanga akuti ndikutaya mwayi, nditsegule webusaiti kuti Google izindilipira madola. Wandipezera mnyamata woti andikonzere pa K3,500, ndipo mwezi wamawa ndine wolandira chilimba. Kodi ndipereke? — Mayi wa ku Chawama

YANKHO: Amayi, ndalama ya chilimbayo muonjezere nayo mabokosi a tomato. Webusaiti iyambe yadikira.

Mwanayo sakunama, kungoti nkhani anaimva theka. Chimene akunenacho ndi AdSense, njira imene Google inayambitsa mu 2003. Mwini webusaiti amapereka malo, Google n'kumaikapo malonda a makampani, ndipo pa ndalama imene wotsatsa walipira, mwini malo amatsala ndi pafupifupi 68 pa 100 iliyonse. Kumva kwake n'kokoma. Koma Google ili ndi mndandanda wa zilankhulo zimene imavomereza pa AdSense. Zilipo zoposa 40, Chingerezi, Chifalansa, Chipwitikizi, Chiarabu, Chihindi ndi zina, koma Chinyanja mulibemo. Chibemba mulibe, Chitonga mulibe. Webusaiti yolembedwa m'chilankhulo chimene sichili pa mndandandawo amaikana. Mnyamata wa K3,500 uja mwina sakudziwa zimenezi, kapena akudziwa koma ndalamayo yamutseka pakamwa.

Wina adzakuuzani kuti vuto palibe, muzilemba m'Chingerezi, kapena muzingoponya zonse mu Google Translate, poti Chichewa chilimo kuyambira 2014. Mukatero amayi a ku Kanyama ndi ku Misisi amene amakuimbirani aja mwawataya, chifukwa amakukonderani kuti mumayankhula ngati mnzawo wa pamsika. Ndiye ndalamayo nayonso ili ndi ulendo wake. Ikafika madola 10, Google imatumiza nambala yachinsinsi pa kalata ya papepala kudzera ku positi, kuti itsimikize kuti mumakhaladi kumene mwanenako. Ku Chawama kalata imafika pakhomo pa yani? Mufunika bokosi la ku positi, lanu kapena la tchalitchi. Mukadutsa pamenepo, salipira mpaka ndalama itakwana madola 100, ndipo ikakwana mumadikirabe mpaka pa 21 mwezi wotsatira. Kukwanitsa madola 100 ndi owerenga a mu Lusaka si masewera, chifukwa mtengo wa malonda umatsatira kumene wowerenga ali. Kampani imalipira zambiri kuti ionedwe ndi munthu wa ku London amene agule ndi khadi nthawi yomweyo, koma imaponya tindalama tochepa pa munthu amene akuwerenga ali mu minibasi ya ku Chawama, bandulo itatsala pang'ono kutha.

Ine ndinagwirapo ntchito yosakira nyuzipepala malonda, ndikuyenda ndi fayilo m'mashopu a ku Kamwala ndi a mu Freedom Way. Mwini shopu ankatenga nyuzipepalayo, kuitembenuza, kuyang'ana kaye malonda a anzake, dzanja lina likupatsa kasitomala chenji. Akatero funso lake linali limodzi: "Owerenga izi ndi ndani, adzafika pano?" Ife tinkachita chibwibwi. Inu Amayi yankho lake muli nalo mu foni. Owerenga anu ndi amayi a m'misika, a tuntemba, a timalesitilanti ta nsima, ophika pa maukwati, anthu amene m'mawa uliwonse amadzuka atamanga ndalama m'chitenje kuti akagule kenakake. Amene akuwasowa anthu amenewa sali ku America. Ndi wogulitsa anapiye ndi chakudya cha nkhuku, wa mabelo a salaula, wa Canter yonyamula katundu, wopikulitsa mafuta ophikira, mlimi wa ku Chongwe amene kabichi wake wakhwimira pamodzi ndipo akuopa kuti amuwolera m'dimba. Ena a iwo mumawapatsa moni ku Soweto komweko kusanache.

Choncho lembani papepala mitengo itatu: kulengeza kamodzi, mlungu wathunthu, ndi mwezi. Poyamba tchulani ndalama yoti wotsatsayo aibweze akangogulitsa kwa anthu awiri kapena atatu, mudzakweza akabweranso yekha. Akakayika musalimbane naye. Tsegulani pamene Facebook imaonetsa kuchuluka kwa anthu amene aona zimene mwalemba ndi mizinda imene ali, mumupatse foniyo aone ndi maso ake. Zimenezo n'zaulere. Ndipo azilipira musanalengeze, ngakhale akhale wa mpingo wanu. Makamaka akakhala wa mpingo wanu.

Pali malonda ena oti muwakane ngakhale ndalama yake ikunyezimira. Katundu amene simunamuone, pitani mukamuone kaye. A mankhwala ochiza matenda onse, a kubetcha, a "ika K500 ulandire K2,000 Lachisanu", apite kwina. Ndipo cholengeza cholipiridwa muzilembapo poyera kuti ndi malonda. Anthu amakuimbirani chifukwa mukati bokosi la tomato lili pakuti, akafika amakapeza zomwezo. Mukangowatumiza kamodzi kwa munthu wogulitsa anapiye odwala, mawa lake mitengo yanu ya tomato nayonso aikayikira.

Njira ina imene ndikuiona yabwino kwa inu ndi kugulitsa nthawi. Mtengo wa 5 koloko m'mawa ndi wa 9 koloko si chinthu chimodzi: wa lesitilanti amene wadziwa msanga kuti lero tomato wasefukira amanyamuka ndi ndalama zambiri, amene wadziwa mochedwa amakapeza zotsala. Tsegulani gulu la WhatsApp la olipira kangachepe pa mwezi, muziwatumizira mitengo mukangofika pamsika, ndipo pa Facebook muziika dzuwa litakwera. Ikani WhatsApp Business, ndi yaulere, ndipo imalola kuika chizindikiro pa dzina la munthu kuti uyu walipira, uyu sanalipire. Kwa osalipira mungatsegule Channel, njira yotumizira uthenga kwa anthu ambiri nthawi imodzi imene WhatsApp inabweretsa mu 2023. Ubwino wake ngwoti otsatira saonerana manambala, ndiye simudzavutika ndi abambo olowa m'gulu kudzafunsira amayi a eni.

Ndalama muzilandira pa Airtel Money kapena MTN MoMo, koma pa SIM yakeyake, yosiyana ndi imene mumalandirira za tomato ndi zimene amatumiza achibale. Mukasakaniza simudzadziwa ngati ntchitoyi ikupindula. Kumbukiraninso kuti kuyambira January 2024 boma limadula msonkho pa ndalama zotumizirana pa foni, kuphatikiza pa zimene amadula potapa, ndiye powerengera mtengo musaiwale zimenezo. Tsiku limene kampani yaikulu idzakufunseni invoisi, pamenepo mudzafunika TPIN, nambala ya msonkho ya ku ZRA, ndi dzina la bizinesi lolembetsa ku PACRA. Likafika tsikulo musathawe, ndiye kuti zayenda.

Chinthu chimodzi chimene chikuikira kumbuyo maganizo a mwanayo otsegula webusaiti n'choti pa Facebook muli m'nyumba ya lendi, ndipo mwini wake angathe kukutsekerani chitseko popanda notisi. Koma mankhwala ake oyamba si K3,500. Gulani kope, muzilembamo manambala a otsatsa ndi a olipira anu, atavomereza okha, poti lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2021 silimalola kusunga kapena kugawa manambala a eni mwachisawawa. Tcheraninso chitetezo chachiwiri pa akaunti, chija chimafuna nambala yotumizidwa ku foni kuphatikiza pa pasiwedi.

Webusaiti idzafunika mukadzafuna kuti mitengo ya miyezi yapita izipezeka malo amodzi, kapena otsatsa akuluakulu akayamba kuifunsa. Nthawi imeneyo mudzamufunse mnyamatayo kuti ndalama yake ikulipira chiyani. WordPress, imene mawebusaiti ambiri padziko amamangira, ndi yaulere. Cholipira ndi dzina la webusaiti, limene la .com nthawi zambiri siliposa madola 20 pa chaka (mayina a .zm amayang'aniridwa ndi ZICTA, bungwe la boma loona za mafoni ndi intaneti), ndi malo osungirako zinthu zanu. Zonse ziwiri zimalipiridwa chaka ndi chaka, sizogula kamodzi. Ndipo zilembetsedwe m'dzina lanu, ndi imelo yanu. Ndinaonapo mayi wina wa makeke akulira chifukwa womukonzera analembetsa zonse m'dzina lake, atakangana anangosintha pasiwedi n'kuzimitsa foni.

FUNSO: Azakhali, ndinamaliza Grade 12 chaka chatha ndipo ntchito sindinaipeze. Ndimajambula timavidiyo toseketsa ndi anzanga kuno ku Matero, anthu amatikonda. Ndikufuna kutenga kaloba ndigule kamera ndi laputopu kuti tiyambe kudya za YouTube. Mundilangize. — Mnyamata wa ku Matero

YANKHO: Mwana wanga, tenga cholembera tiwerengere limodzi. Kuti YouTube iyambe kugawana nawe ndalama za malonda, imafuna okutsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonera pa miyezi 12, kapena kuti timavidiyo tifupitifupi tija taonedwa ka 10 miliyoni pa masiku 90. Maola 4,000 ndi mphindi 240,000. Ngati vidiyo yako ndi ya mphindi 5, ikufunika kuonedwa ka 48,000, aliyense kuonera mpaka kumapeto, ndipo iwe ukudziwa mmene anzako amathawira bandulo ikayamba kulira. Ukakwanitsa, gawo lako pa mavidiyo aatali ndi 55 pa 100, ndipo imadzera ku AdSense yomweyo, ndi malire a madola 100 ndawauza amayi a ku Chawama aja. A YouTube alinso ndi mndandanda wa maiko amene amalipirako. Uuwerenge wekha usanagule kalikonse, ndipo anzako akakuuza kuti unamize dziko, dziwa kuti kalata ya ku positi ija idzapita ku dziko unanamalo. Wa kaloba sadikira zonsezi. Iye pakutha pa mwezi ali pakhomo, ndipo chimene adzanyamule ndi TV ya amayi ako.

Kamera siikusowa. Foni imene ukujambulirayo ikukwanira, chimene chimathamangitsa anthu pa mavidiyo a kuno ndi mawu osamveka, mphepo ndi mahutala a minibasi zikuphimba nthabwala. Gula kamaikolofoni kokoloweka pa kolala, ndi power bank yabwino. Amene anajambulapo mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti akumapita pafupifupi tsiku lonse, akuuza kuti laputopu inali chokongoletsera pa tebulo. Kudula ndi kulumikiza vidiyo, CapCut imachita pa foni pomwepo. Zithunzi zokopa ndi zilembo, Canva yaulere ikukwanira. Jambulani kunja m'mawa kapena chakumadzulo, kuwala kwa dzuwa sikulipiritsa.

Nyimbo za eni uzisiye. YouTube ili ndi makina ozindikira nyimbo, ndipo akaipeza ndalama ya vidiyo yako ikhoza kupita kwa mwini nyimbo, iwe n'kutsala ndi kuseka kwa anthu. Ku Matero kuli anyamata oimba ambiri amene angakondwe kukupatsa kanyimbo kawo kuti dzina lawo limveke. Mugwirizane polemba.

Ndalama yoyamba, ngati ibwere, idzachokera kwa wometa, wa butchala kapena wa shopu ya mafoni amene akufuna kuti sewero lanu lichitikire pakhomo pa shopu yake. Mupangireni kamodzi motchipa, muone ngati makasitomala abwera. Ndipo mukambirane ndi anzakowo za kagawidwe lero, ndalama isanaoneke, komanso kuti akauntiyo ndi ya yani. Uziyang'ananso zimene amalengeza a BongoHive, malo a achinyamata a zaukadaulo amene alipo mu Lusaka kuyambira 2011, nthawi zina amakhala ndi maphunziro.

FUNSO: Azakhali, ndimayang'anira tsamba la Facebook la kwaya yathu. Ndalandira uthenga wa m'Chingerezi wochokera kwa munthu amene akuti ndi wa kampani yotsatsa ya kunja. Akuti azitilipira madola 300 pa mlungu kuti aziika malonda, chofunika ndingodina linki ndi kumuika kukhala mmodzi wa oyang'anira tsambalo. A kwaya ena akuti ndi madalitso. — Bambo wa ku Chilenje

YANKHO: Bambo, ameneyo ndi wakuba. Mukangomuika, choyamba chimene adzachite ndi kukuchotsani inuyo, kenako asinthe dzina la tsambalo n'kuligulitsa, kapena ayambe kupempha ndalama kwa akhristu anu m'dzina la kwaya. Wotsatsa weniweni amakutumizirani chithunzi ndi mawu, inu n'kuika nokha, safuna makiyi. Linkiyo musadine. Ngati mwadina kale ndipo munalembapo pasiwedi, isintheni lero lomwe, mutulutse akauntiyo pa mafoni onse amene simukuwadziwa, ndipo muone mndandanda wa oyang'anira ngati mwalowa dzina lachilendo. Oyang'anira akhale awiri, inu ndi munthu wina wodalirika wa m'komiti, aliyense ndi chitetezo chachiwiri pa foni yake. Uthengawo muujambule, mukawaonetse a madalitso aja pa pulakatisi ya Loweruka, chifukwa wakubayo akakanika kwa inu adzayesa kwa mlembi.