Agogo anavutika ku Walale, nanga suti ya pachithunzi anaitenga kuti?

Mayi wina wa ku Katete, amene pano akukhala ku Lusaka, wandilembera imelo. Akuti posanthula katundu wa malemu amayi ake anapeza chithunzi cha agogo ake aamuna atavala suti, chipewa chili m'manja, ataima pambali pa mpando. Kumbuyo kuli chidindo chofufutika, koma dzina loti Salisbury likuwerengeka, Harare wa lero ku Zimbabwe, kumene kwathu kuno ankati ku Walale. Funso lake ndi ili: "Kumudzi amati agogo anazunzika ku Walale, anabwerako ndi chifuwa chimene chinawatenga. Nanga bwanji apa akuoneka ngati bwana? Akunama ndani, chithunzi kapena abale anga?"

Amayi, palibe amene akunama. Koma kuti mumvetse suti imeneyo, tiyambe ndi chimene chinawachotsa agogo anu pakhomo.

Mu 1898 asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, n'kuwombera mwana wake Nsingo. Ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Ng'ombe ndiye chinali chuma, ndiye malowolo, ndiye pothawira njala ikagwa. Pasanapite nthawi boma la ku Fort Jameson, Chipata wa lero, linabweretsa msonkho wa nyumba, ndipo linkafuna ndalama, osati mapira kapena mbuzi. Pamwamba pa izo, kampani ya North Charterland Exploration inali itapatsidwa dera la masikweya mailosi 10,000 kuno Kum'mawa. Malo achonde anapita kwa azungu olima fodya, eni nthaka n'kukankhiridwa m'marizevu mothinana, momwe nthaka inaguga msanga. Boma linadzagula malo a kampaniyo mu 1941, koma pofika apo mibadwo iwiri ya amuna inali itazolowera kale njira ya kum'mwera. Mngoni, Mchewa, Mnsenga, onse njira inali yomweyo.

Ambiri ankapita wapansi, kuwoloka Zambezi cha ku Feira kapena kudzera ku Tete, ulendo wa masabata. Ena ankatengedwa ndi olemba anthu a chibalo, amene ankakutumiza kumene iwo afuna. Pambuyo pake kunabwera malole a Ulere, onyamula ofuna ntchito mosalipiritsa. Ofika ankagwera m'mafamu a fodya, m'nyumba za azungu ngati makhukhi, kapena m'migodi monga ya Shamva ndi ya malasha ya Wankie.

Moyo wa m'komboni ya pamgodi unkayendera tikiti. Tsiku lililonse munthu akaweruka, ankamuchongera kamzere, ndipo malipiro ankabwera tikiti ikakwana masiku 30. Kapitawo akakuda, tsiku lako silichongedwa, wagwira yaulere. Chakudya chinali phoso la ufa ndi tindiwo tosakwanira, moti m'zaka zoyambirira matenda a chibayo ndi otupa nkhama anapha anthu ochuluka kwambiri. Fumbi la pansi ndilo linkadya mapapo pang'onopang'ono. Choncho abale anu akamati chifuwa, ine ndikuwakhulupirira ndi mtima wonse.

Musaganize kuti anthuwa ankangopirira. Ambiri ankathawa usiku, kusintha dzina ndi chitupa, kukafuna kumene kukulipira bwinoko. Nkhani ya mgodi woipa inkayenda pakamwa m'njira monse, obwerera akuchenjeza opita. Mu 1927 antchito a ku Shamva ananyanyala ntchito, ambiri mwa iwo ochokera kumpoto kwa Zambezi. Kwathu kuno, sitalaka ya ku Copperbelt ya 1935 inabuka msonkho utakwezedwa, ndipo anthu 6 anaphedwa powomberedwa ku Luanshya. Mu 1940 enanso 17 anafa ku Nkana. Bungwe la antchito a m'migodi lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu linadzakhazikika mu 1949, magazi atakhetsedwa kale. Zimandiwawa kuti ana athu amaloweza mayina a abwanamkubwa, koma za anthu awa samva.

Tsopano suti ija. Zithunzi zakale kwambiri za anthu a kuno anajambula ndi amishoni, akuluakulu a boma ndi azungu a makampani. Mukaziona mupeza mtengatenga atasenza katundu, amuna atanyamula mzungu pa machila, ana a sukulu atandanda kutsogolo kwa tchalitchi. Dzina la mzunguyo limalembedwa. Enawo amangotchedwa ndi mtundu wawo, kapena satchulidwa n'komwe. Sanapemphe kujambulidwa, ndipo chithunzicho ambiri sanachionepo.

Chanucho n'chosiyana. Agogo anu anayenda okha kupita kwa wojambula, analipira ndi ndalama ya thukuta lawo, anasankha okha kaimidwe. M'nyumba zambiri zojambulira munkakhala jekete, tayi, chipewa ndi ndodo zobwereka, kumbuyo kuli nsalu yopentedwa maluwa kapena makwerero. N'kuthekanso kuti sutiyo inali yawoyawo. M'masitolo a pafupi ndi migodi munali kachitidwe koti munthu asankhe katundu, wasitolo amuikire m'bokosi, iye azilipira pang'onopang'ono mpaka atamaliza ndi pomwe atenge bokosilo. Mwamuna ankadzimana miyezi yambiri kuti adzatsike kumudzi ndi jekete, bulangete, nsalu ya mkazi wake, ndipo wamwayi ndi njinga kapena makina osokera.

Pantchito munthuyo anali nambala ya pa tikiti, ankaitanidwa ngati kamnyamata ngakhale ali ndi imvi. Pamaso pa kamera anaima monga mwini banja, n'kutumiza uthenga kwa mkazi ndi apongozi wakuti ndili moyo, sindinakuiwaleni, sindine mtchona. Ine sindichitcha chinyengo chimenecho. Ndi malo amodzi okha m'tauni ya eni ake pamene agogo anu analamula okha mmene aonekere. Komabe yang'anitsitsani manja. Onani ngati mikono ya jekete ikufika bwino kapena yapitirira zala, onani nsapato, onani masaya. Ntchito ya pansi imaonekera m'zala ngakhale munthu atatchena bwanji.

Za chaka, dzina loti Salisbury likungotiuza kuti ndi 1982 isanafike, pamene mzindawo unasinthidwa kukhala Harare. Chitupa chakale, lisiti la msonkho kapena kalata ya ubatizo, ngati zilipo m'katundu yemweyo, zingakuthandizeni kuposa. Ku National Archives of Zambia ku Lusaka, pafupi ndi kwanu komweko, amasunga mabuku a maboma a nthawi ya atsamunda, ndipo mungawerengemo za dera la mfumu yanu.

Chithunzicho musachimate pulasitiki yotenthetsa ija, imawononga ndipo sichimatukanso. Musalembe kumbuyo ndi bolopeni. Chijambuleni ndi foni pamthunzi, kutsogolo ndi kumbuyo, kenaka chiikeni mu envulopu pamalo ouma, kosafika chiswe.

Chachangu kuposa zonsezi ndi ulendo wa ku Katete. Pitani nacho kwa azakhali kapena aliyense wachikulire amene watsala, muwaike chithunzicho m'manja, mutsegule chojambulira mawu cha pa foni. Afunseni anapita ndi ndani, anakhala zaka zingati, anabwera ndi chiyani. Ndipo musaiwale agogo anu aakazi. Iwo ndiwo analima okha, kufolera nyumba, kulera ana, kuyankha mesenjala wa boma akabwera kudzafuna msonkho mwamuna kulibe. Funsani dzina lawo lenileni ndi mfunda wawo, mulembe papepala lomwelo limene mulembepo la amuna awo.