Musathamangire marathon mwezi wamawa

Achimwene, mwafunsa ngati mungalowe mpikisano wothamanga wa marathon mwezi wamawa poti half marathon, yomwe ndi theka lake, mwaimaliza bwinobwino. Ine ndikuti dikirani kaye. Makilomita 42.195 a marathon si kungophatikiza ma half awiri ayi. Ulendo wanga woyamba ndinathamanga mosangalala mpaka cha pa makilomita 32, kenako miyendo inangolemera ngati andimangirira matumba a simenti. Shuga amene thupi limasunga m'minofu anali atatha, akatumba akukokana, thukuta litauma mbuu kumaso ngati mchere.

Dzipatseni miyezi inayi. Sabata iliyonse thamangani ulendo umodzi wautali, kuonjezera pang'onopang'ono mpaka makilomita 30. Zolowerani kumwa madzi ndi kudya nthochi muli paliwiro. Ndipo chonde, nsapato zatsopano musavale tsiku la mpikisano, matuza ake amawawa zedi.